Nkhuku Zanga Zinafera a Nofisho

Uthenga unandipeza nditawerama pampopi, manja ali thovu lokhalokha, chala changa chikadali chakuda ndi inki ya dzulo lake. Ndinangomva mapazi kuti phaphapha, kenako mawu a Esinati, mayi wa saluni amene amachita lendi kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Kawale: "Agogo! Agogo inu! Tadala ali pamwamba!" Mbale inapulumuka m'manja, nthungululu inatuluka yokha osandipempha, miyendo iyi imene imakana kukwera minibasi inayamba kudumpha ngati ya namwali. Ndikanadziwa, abale anga, ndikanatsiriza kaye kutsuka mbalezo. Ndikanadziwa, bwenzi lero nkhuku zanga zinayi zikupalasabe pabwalo.

Koma ndiyambe poyambira, kuti mukamandiseka muzidziwa chimene mukuseka.

Tadala ndi mdzukulu wanga, wobadwa kwa malemu mwana wanga wamkazi. Ndinamulera ndi zitumbuwa, ndinamuphunzitsa ndi zitumbuwa, mpaka lero ndi mphunzitsi, wa choko m'manja, wa nsapato zogogoda. Tsiku lina anabwera nakhala pamkeka pafupi nane, nati, "Agogo, ndaganiza bwinobwino. Ndikufuna wodi."

Ine wodi imene ndimaidziwa ndi ya kuchipatala, kumene ndinagona pansi pa bedi ndikudwazika mayi ake. Ndinamugwira pachipumi. "Mwanawe, chikukupweteka n'chiyani? Bwanji sunanene msanga?" Anaseka mpaka misozi. Akuti wodi ndi dera, dera lathu lomweli la ngalande zotsekeka ndi timilatho tothyoka. Khansala wathu anali atamwalira, ndiye kukhala chisankho chapadera chosankha wina, ndipo iye akufuna kuima nawo.

Tsiku lomwelo ndinalumbira kuti Chingerezi sichidzandiopsezanso pakhomo panga. Ine sukulu ndinalekera pomwe anzanga amayambira. Zilembo ndikulemba nazozi ndinazitola ku sukulu ya kwacha tsitsi litayera kale. Koma khutu ndili nalo, ndipo chimene ndachiika m'nyimbo sichituluka m'mutu. Ndinati, "Tadala, mawu onse a zisankho amene mumatafuna pa wailesi aja, uzindipatsa limodzilimodzi. Agogo a khansala asamangogwedeza mutu anthu akamalankhula."

Ndiye madzulo aliwonse akaweruka, ine ndikukanda za zitumbuwa, iye ankandiponyera mawu, ine n'kumawawakha ndi nyimbo:

Kandideti ndi wopikisana, ee wopikisana,
Baloti ndi pepala lochonga, ee lochonga,
Monita ndi maso athu, asaphethire, asaphethire!

Ena ankalowa bwino, ena ankalowa chammbali. Bayi ilekishoni, dzina la chisankho chapaderacho, ndinaimva msanga: khansala watisiya, ndiye tikumuuza kuti bayi. (Tadala anati si choncho, koma mpaka lero sanandipatse tanthauzo loposa langali.) Shado khansala ndinakana. Akuti munthu wofuna mpando asanaupeze amatchedwa shado, ndiye kuti chithunzithunzi. Ndinati mdzukulu wanga wobatizidwa asatchedwe chithunzithunzi ine ndili moyo, za mizukwa zimenezo. Manifesito akuti ndi malonjezo olembedwa papepala. Ndinati ndikanadziwa kale, malemu amuna anga akanandilembera manifesito asanandichotse kwathu. Indipendenti inanditsitsa misozi pang'ono: woima payekha, wopanda chipani, wopanda womugwira dzanja. Ndinati, "Ndiye kuti mwana wamasiye." Iye anati, "Ayi agogo, ndili ndi inu."

Koma mawu amene ndinawakonda kuposa onse ndi nalu endi voidi. Imeneyo ndi voti yowonongeka, yochonga pawiri, yosawerengedwa, yongotaya. Ha, kukoma kwake m'kamwa! Chitumbuwa chikapserera, nalu endi voidi. Tambala wanga akalira masana, nalu endi voidi. Makina osokera amene amuna anga anandilonjeza mpaka kulowa nawo m'manda, nalu endi voidi. Ndinkayenda nawo mawu amenewa ngati mpeni watsopano, maso ali uku ndi uku kufuna chodula. Sungani pamenepa, tibwererapo.

Tsopano ndikuuzeni za aNachisale. Amakhala nyumba yachitatu kuchokera panga. Tinafika m'tauni muno chaka chimodzi, iwo kuchokera ku Dowa, ine ku Dedza, tonse ana ali kumsana. Timaimba limodzi kwaya ya amayi kutchalitchi, iwo mawu apansi, ine apamwamba. Anandigwira dzanja pamaliro a mwana wanga, ndinawagwira dzanja pamaliro a amuna awo. Ndipo tili ndi sefa imodzi. Sefa ya ufa, thabwa lake linada ndi manja athu, waya wake wasinthidwa kangapo konse. Imagona kwawo, imadzuka kwanga. Palibe akukumbuka kuti anaigula ndani, ndipo palibe anafunsapo.

Ndiye taonani mayesero. Mwana wawo womaliza, Limbani, kalipentala wa pamsika, nayenso anaima, iye kudzera ku chipani. Ana okulira pabwalo limodzi, mpando umodzi. ANachisale anabwera ndi sefa ija m'manja, nati, "Agogo a Tadala, ana alowa m'ndale, ife tisalowe nawo. Tipangane pompano. Wanu akapambana, musadzavine pakhomo panga. Wanga akapambana, sindidzavina pakhomo panu. Aliyense avinire kwake."

"Ine kuvina pakhomo panu? Mukundiyesa wopenga?"

Tinagwira sefa, iwo uku ine uku, pangano linatha. (Koma chimera ndinanyika mwakachetechete kampeni isanathe. Pangano silinatchule thobwa.)

Phunziro lomaliza linali la Loweruka. Tadala anati, "Agogo, mawu alero ndi aakulu kuposa onse. Ofisho. Ndiye kuti zotsimikizika, zolengezedwa ndi eni ake oyendetsa chisankho. Anthu adzalankhula zambiri, mafoni adzalira, koma inu musadzasunthe phazi mpaka mutamva kuti zotsatira ndi ofisho. Mwamva?"

"Ofisho, ofisho, phazi lidikire ofisho," ndinaimba.

"Tsono mawu amenewa ali ndi mnzake, muyenera kumudziwanso..."

Apo n'kuti aNachisale akuitana pamsewu kuti tachedwa ku kwaya. Ndinadzambatuka, chitenje m'chiuno. "Mnzakeyo ndidzamuona mawa, mwanawe." Mawa lake Tadala anatanganidwa, mkuja wake chimodzimodzi, kenako tsiku lovota linakwana. Tinapita limodzi ndi aNachisale, ambulera imodzi, mzere umodzi, aliyense akudziwa pamene mnzake akachonge, osanena. Potuluka tinaonetsana zala zakuda n'kuseka. Ndipo mnzake wa ofisho uja ndinakumana naye ndekha, popanda wondidziwitsa.

Tibwerere pampopi paja. Nditaimba nthungululu kachitatu, phunziro linandigwira. Ndinaimika phazi m'mwamba. "Esinati, taima kaye. Zimenezi ndi ofisho?"

Esinati anayang'ana pafoni, chipeso chili m'dzanja linalo. "Alemba pagulupu kuti Tadala akutsogola. Koma ndi anofisho, agogo."

Abale anga, weruzani nokha. Kwathu kuno mwana timamuti Phiri, akakula timati a Phiri. Mwamuna ndi Banda, mayi wolemekezeka ndi aNabanda. Ndiye ine kumva kuti anofisho, mutu wanga unawerenga msangamsanga: Ofisho ndi mwana, a Nofisho ndiwo mayi ake. Eya, ndiye mnzake uja Tadala ankafuna kundiuza! Ndinawaona ndithu m'maso mwanga: mayi onenepa bwino, a magalasi, a duku lalikulu, atakhala ku tale senta kumene amawonkhetsa mavoti onse, chidindo chili m'manja. Ndipo "koma" uja wa Esinati sindinamumve ngati chenjezo ayi. Ndinamumva ngati muja timanenera kuti, koma ndi akatswiri! Koma ndi a Nofisho!

"Eni akewo?" ndinafunsa.

"Agogo, anofisho ndiye kuti..."

"Ndikuwadziwa! Usandiphunzitse iwe, ndinaphunzira kale!"

Kasitomala wake anaitana ku saluni, mutu uli woluka theka. Esinati anathamangira komweko, ndipo phazi langa linatera pansi.

Nkhuku yoyamba inafa isanadziwe kuti kwagwanji. Yachiwiri inathawira kuseri kwa bafa, ndinaitulutsa ndi nyimbo. Yachitatu inali yoikira mazira, ndinaipepesa kaye. Tambala, uja wolira masana, ndinamuuza kuti lero walira komaliza. Amayi a m'njira mwathu anamva nthungululu nabwera okha, wina ndi mpeni, wina ndi mbaula, wina ndi anyezi. Mayi Jere, oyandikana nane mpanda, anakatenga mapoto aakulu aja timaphikira pamaliro ndi paukwati. Mpunga umene ndinasungira Khirisimasi unatuluka. Thobwa linatuluka kuchipinda kumene linabisala, anthu n'kumafunsa, "Agogo, thobwa limapsa m'mawa umodzi kodi?" Ine ndinati, "Mafunso onse kwa a Nofisho."

Kafoni kanga ndinakasiya pawindo. Akuti kanalira kambirimbiri, Tadala akuimba kuchokera ku tale senta kuti andiuze ndikhale phee. Kanalira kokha, kanatopa kokha.

Mapoto ali pamoto, ndinaona kuti mpanda wanga wachepa, chimwemwe sichikukwanamo. Ndinavala malaya a kampeni a nkhope ya Tadala pamwamba pa diresi. Mayi Jere anandithira ufa kumutu monga timachitira mwana akakhoza mayeso. Chidebe chopanda kanthu chinasanduka ng'oma. Tinatuluka amayi owerengeka. Pofika pachigayo tinali gulu. Pofika pamsika sindinkaonanso kumapeto kwake.

A Nofisho anena, ee anena,
Tadala wanga pampando, ee pampando,
Wokana akafunse ku tale senta!

Pamsika panali a Mbewe, aphunzitsi opuma ntchito, atakhala pabenchi la telala, kawailesi kali pakhutu. Anaimirira nandikodola.

"Mayi, pepani, mwazimva kuti zimenezi? Wailesi sinalengeze kanthu."

"Wailesi ndi ya ana, aphunzitsi. Ife tamva kwa a Nofisho."

"Kwa ndani?"

"A Nofisho. Mayi ake a Ofisho."

Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. "Mayi, mawu amenewo tanthauzo lake ndi lakuti zosatsimikizika. Mukanabwerera kunyumba, mukadikire pang'ono."

Ine ndinatembenukira gulu langa. "Mwawamva? Anavotera Limbani awa! Nsanje, aphunzitsi, nsanje!" Gulu linati wooo. Munthu amene anaphunzitsa Chingerezi mpaka kupuma nacho, ine wa sukulu ya kwacha ndinamukonza pamaso pa ogulitsa tomato. (A Mbewe, ngati mukuwerenga, ndinapepesa kale pakamwa, ndikupepesanso polemba.)

Pobwerera njira zinali ziwiri: ya kuchigayo yomwe tinadzera, ndi yachidule yodutsa pakhomo pa aNachisale. Ndikanakonda kukuuzani kuti gulu ndilo linandikankha. Ndikanakonda kunamizira ng'oma. Ayi. Patsogolo ndinali ine, ndipo ndinakhota ndekha.

Tinawapeza atakhala pakhonde, akusefa ufa ndi sefa yathu ija, wailesi ili pambali. Sanaimirire. Ndinavina pamaso pawo, fumbi kobo, ufa ukuyoyoka kumutu kwanga. Anandiyang'ana mmene amandiyang'anira ndikalakwitsa nyimbo kutchalitchi.

"Agogo a Tadala, pano ndi pakhomo pa yani?"

"Ndi panjira, aNachisale, njira ndi ya boma!"

"Wakuuzani ndani kuti zatha?"

"A Nofisho!"

"Amakhala kuti amenewo? Kwawo n'kuti?"

"Simungawadziwe, ndi akuluakulu."

Zikanathera pamenepo, bwenzi titaseka mawa lake. Koma mpeni wanga watsopano uja unali m'kamwa, ukufuna chodula. Nyimbo inabwera yokha, ndipo gulu linailandira:

Limbani nalu, ee nalu,
Limbani voidi, ee voidi,
Abwerere ku matabwa ake!

Mwana amene ndinamubereka kumsana mayi ake akudwala. Mwana amene anadzandikhomera chitseko mbava zitathyola, osapempha ngakhale madzi akumwa. Ndinamuimba kuti ndi wowonongeka, wosawerengedwa, wongotaya, pamaso pa mayi ake.

ANachisale Chingerezi sadziwa, koma mawu amenewo ankawadziwa, poti ndinawaphunzitsa ndine tsiku limene zitumbuwa zinapserera. Anagogoda sefa palichero kuti ufa wotsala ugwe. Anaipukuta ndi nsonga ya chitenje. Anaimirira, nandipatsa m'manja.

"Tengani sefa yanu."

"Yanga bwanji?"

"Ndakumbuka lero. Munagula ndinu."

Analowa m'nyumba, chitseko anatseka pang'onopang'ono, osamenyetsa. Ng'oma inapitiriza kulira. Ndinafika kunyumba ndikuvinabe, poti anthu ankandiyang'ana, sefa ili m'khwapa ikulemera ngati thumba la simenti.

Chakumasana, nkhuku zitapsa, mpunga utaphulidwa, anthu atakhala pamikeka mpaka kunja kwa mpanda, Tadala anatsika pa kabaza. Amayi anamuthamangira ndi nthungululu, wina anamuthira ufa. Iye anangoima. Anayang'ana mapoto, anayang'ana nthenga zili mbwee padzala, anayang'ana ine.

"Agogo, mwachita chiyani?"

"Khansala wanga! Olemekezeka! A Nofisho anena!"

"Ndani?"

Nditabwereza, anakhala pachidebe chija chinali ng'oma, nagwira kumutu. Mapewa ankagwedezeka, mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuseka kapena kulira, mwina zonse ziwiri. Atadzutsa mutu analankhula motsitsa, koma pabwalo panali zii, moti ndi a kumsewu omwe anamva. Zimene Esinati anaona pafoni zinali za masukulu awiri okha a kufupi kuno, kumene makolo amamudziwa Tadala. Atawonkhetsa malo onse ovotera, Limbani ndiye anapambana, ndipo eni ake anali atangolengeza kumene. Ofisho.

"Nanga a Nofisho ananamiranji?" ndinafunsa.

"Agogo, kulibe munthu wotero. Ndi mnzake wa ofisho uja munati mudzamuona mawa. Ife tikaika 'a' kutsogolo timawonjezera ulemu. Azungu akaika 'an' kutsogolo amachotsa zonse. Anofisho ndiye kuti si ofisho."

Ha! Chilankhulo chanji chotchula munthu mwaulemu pamene chikumukana? Ndinayang'ana anthu anga. Ena anayamba kutsetserekera kugeti, osatsanzika. Mayi Jere anafunsa monong'ona, "Ndiye tigawe kapena tivundikire?" Esinati anasowa ngati si wa lendi pompano.

Kenako maso a Tadala anagwera pa sefa, ili pakhonde. Mwana ameneyu anakula akuithamangitsa sefa imeneyi uku ndi uko, ndipo amadziwa kuti siibwera kwathu ili yopukuta. "Agogo, mwapita kwa aNachisale?" Ndinamuuza zonse, ndi nyimbo yomwe. Apo nkhope yake inagwa kuposa mmene inagwera ndi mavoti.

"Kuluza sikunandipweteke chonchi," anatero. "Limbani ndamugwira chanza ku tale senta konko, anthu onse akuona. Pali mawu amodzi amene sindinakuphunzitseni, poti ndinkayesa kuti ndi anga ndekha. Konsidi."

"Ndiye chiyani?"

"Kuvomera kuti wagonja, n'kupita wekha kwa mnzako kukamuuza."

"Ndi pakamwa?"

"Ndi pakamwa pomwepo, agogo. Ndi miyendo yomweyo."

Nyumba yachitatu, abale anga. M'mawa ndinaifika ngati ndikuuluka. Masana inali ngati yasamukira kutali ku Chinsapo. Ndinafuna kusamba kaye ufa kumutu, Tadala anati ayi, mupite mmene munapitira. Malaya a nkhope yake okha ndiwo anandilola kuvula. Ndinasenza poto wa tambala, sefa m'manja, ndinayenda. Amene ankandivinira m'mawa anali m'mipanda mwawo, kusuzumira. Palibe anaimba ng'oma.

Pakhomo pa aNachisale panali patadzaza kale: a chipani, anzake a Limbani a pamsika, achibale ochokera ku Biwi ndi ku Chilinde, onse kukondwa, onse kuponya maso kukhitchini. Ndipo kukhitchini kunalibe utsi. Mayi uja sanaphe ngakhale nkhunda, kudikira ofisho. Tsopano ofisho wafika ndi alendo ake, m'nyumba muli ufa wosefa theka ndi nyemba zosaphika.

Anthu atandiona phokoso linatsika. Ndinatula poto, ndinagwada pafumbi lomwe ndinavinapo.

"Odi, aNachisale."

Anatuluka, anaima pakhomo, manja ali m'chiuno. "Mwabwera ndi nyimbo ina?"

"Ndabwera kudzakonsida."

"Kudzatani?"

"Kukonsida. Ndi Chingerezi."

"Chingerezi chanu chatikwana lero. Nenani m'Chichewa."

"Ndalakwa, mayi. Ndaswa pangano. Ndanyoza mwana wanga yemwe. Limbani wapambana, ine ndagonja, ndipo a Nofisho kulibe."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, anzake anamuletsa. ANachisale sanaseke. "Munanyoza poimba, anthu akumva. Mupepesenso poimba, anthu amve."

Ndaimba pamaukwati, ndaimba pamaliro, koma nyimbo imene inandivuta kuposa zonse ndi iyi:

Nalu ndine, ee ndine,
Voidi ndine, ee ndine,
Limbani khansala, ofisho, ofisho!

Ulendo woyamba ndinaimba ndekha. Ulendo wachiwiri, ndekhanso. Ulendo wachitatu ndinamva mawu apansi akulowa kunsi kwa anga, pamalo pake penipeni, monga Lamulungu lililonse. Sindinadzutse mutu, ndinangolira. Limbani ndiye anadzandidzutsa. "Agogo, dzukani. Ku matabwa ndibwererako ndithu, benchi munati ndikukhomereni lija sindinamalize."

Ndinawatambasulira aNachisale sefa. Anailandira, anaitembenuza, anaiyang'ana ngati yachilendo. "Ndaiwalanso kuti anagula ndani," anatero. Kenako anavundukula poto, ananunkhiza.

"Tambala uja wolira masana?"

"Yemweyo."

"Anzake ali kuti?"

"Kwathu. Nkhuku zitatu, ndi mpunga, ndi thobwa."

"Thobwa? Munanyika liti chimera?"

"Musafunse, mayi."

Apo ndiye anaseka, kuseka kwawo kuja kogwira m'nthiti. Anatembenukira alendo awo: "Tiyeni uko nonse, phwando la Limbani atiphikira kale a opozishoni!" (Mawu amenewo sindinawaphunzitse ine, kaya anawatola kuti. Akuti ndi mbali yotsutsa.)

Tinayenda tonse, ine patsogolo kachiwiri, koma ulendo uno poto ali pamutu. Titafika pageti langa aNachisale anaima, phazi lili m'mwamba. "Pajatu ndinalonjeza kuti sindidzavina pakhomo panu."

Ndinati, "Pangano limenelo ndi nalu endi voidi."

Ndi tsiku lokhalo limene mawu amenewa ndinawaika pamalo pake.

Lero ana a m'njira muno amanditchula agogo a Nofisho, ndipo ndimayankha. Chimene ndaphunzira ndi chakuti mawu a Chingerezi akabwera ndi ulemu kutsogolo, ndiziyamba ndawafunsa kwawo. Tadala akuti adzaimanso. Anapiye ndaweta kale. Phazi ndidzaligwira mpaka ofisho. Za nthungululu sindikulonjeza.

Tsono ndiwatchule amene anabwera kudzakondwa tsiku limenelo, asadzakane kuti anadya. ANachisale, amene anavina mpaka duku kugwa. Limbani ndi mkazi wake Enelesi. Tadala wanga, amene anagawa mbale yekha, ufa uli kumutu. Mayi Jere ndi mapoto awo. Esinati, atatuluka kumene anabisala, ndi kasitomala wake wa mutu woluka theka. A Mbewe ndi kawailesi kawo, amene ndinawapatsa nthutumba zonse zinayi. A Chikopa a telala. A Yohane a kabaza. ANaphiri a ku Biwi ndi achemwali awo aNasoko. ANambewe a ku Chilinde. Amayi a tomato, Mayi Kalua ndi Mayi Sitolo. Kwaya yonse ya amayi, apamwamba ndi apansi omwe. Mbale imodzi ya ntchafu ndinaivundikira, ndinaiika pawindo pafupi ndi kafoni kaja mpaka dzuwa kupendeka. A Nofisho okha ndiwo sanabwere.